Mlendo wogona m'makomo adzere kwa mfumu, asabwerenso chimanjamanja

M'boma la Zomba malo ogona alendo amathera pomwe pathera phula. M'tauni muli maloji ndi maresitihausi, paphiri pali hotela ya Ku Chawe ya anthu a matumba olemera, ndipo pamisika ikuluikulu ngati pa Jali kapena pa Songani munthu atha kupeza kachipinda kolipira. Koma wolowera ku Chingale kuseri kwa phiri, wotsikira ku Kachulu kuti akwere boti la ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, wogula mpunga m'madambo a Likangala, wophunzira wa payunivesite ku Chirunga amene watumidwa kukachita kafukufuku kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji, onsewa dzuwa likawalowera amagona pakhomo pa munthu amene m'mawa wa tsikulo sankamudziwa n'komwe.

Kayendedwe kameneka n'kabwino ndipo sikayenera kufa. Wogona paloji amangoona makoma ndi mlonda, pamene wogona pakhomo amadzuka akudziwa mtengo weniweni wa matemba padoko, mlatho umene unakokoloka, ndi njira yachidule yopita kumene akupita. Chimene ndikutsutsa ndi maganizo amene afala pakati pa apaulendo ena, akunja ndi a m'tauni omwe, akuti kumudzi kuli malo ogona aulere, ungogogoda chitseko chilichonse chifukwa Amalawi ndi anthu ansangala. Nsangalayo ilipodi, koma si imene imachititsa kuti mlendo agone mwamtendere. Pali zinthu ziwiri zimene zimagwira ntchito: munthu wachitatu amene akudziwa kuti mlendo wagona pakhomo pakutipakuti, ndi phukusi limene mlendoyo wanyamula.

Azungu anazindikira choyambacho atavutika nacho. Bungwe la Servas lakhala likulumikiza apaulendo ndi eni nyumba kuyambira mu 1949, ndipo Couchsurfing, imene imagwira ntchito yomweyo pa intaneti, inayamba ku America mu 2004, kenaka mu 2020 inayamba kulipiritsa mamembala a m'mayiko ambiri. Mphamvu ya njira zimenezi ili pa umboni: pa Couchsurfing amene anakusungapo amalemba za khalidwe lako, iwenso umalemba za iye, ndipo wina asanakutsegulire chitseko amayamba wawerenga. Kuno kwathu umboni woterowo unalipo intaneti isanabadwe. Ndi mfumu, mkulu wa mpingo, shehe, mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaumoyo. Amene amalambalala anthu amenewa n'kukagogoda yekha pakhomo amafanana ndi munthu wa pa Couchsurfing amene alibe chithunzi, alibe dzina, alibe womuchitira umboni, koma akufuna kiyi wa nyumba yako.

Wina anena kuti kudzera kwa mfumu n'kutaya nthawi. Ameneyo akumbukire chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, boma loyandikana ndi lathu lino. Anthu anaphedwa, ena mwa iwo chifukwa chongokhala nkhope zachilendo pamalo olakwika, mpaka United Nations inachotsa antchito ake ena m'maboma awiriwo. Mantha amtundu umenewo sachenjeza pobwera. Onjezanipo nkhawa ya makolo a ana achialubino, ndi akuba mbuzi amene amayamba azonda mudzi masana. Munthu wachikwama kumsana amene waoneka madzulo, wosadziwika kwa aliyense, walowa m'nyumba ya mayi wamasiye, achitetezo cha m'mudzi akamupeza sayamba ndi moni. Koma yemweyo ngati anayamba wakhala pansi pabwalo la mfumu, mudzi wonse umadziwa dzina lake nsima isanapse.

Kafikidwe kake n'kotere. Fikani m'mudzi isanakwane 3 koloko masana. M'mwezi wa Juni dzuwa kuno limalowa isanakwane hafu pasiti faifi, ndipo mayi wapakhomo amakhala atayeza kale ufa ndi ndiwo za anthu ake dzuwa likapendeka. Wofika mdima utagwa amadyetsedwa gawo la mwana. Funsani pagolosale kapena kwa wakabaza kuti kwa mfumu n'kuti. Mukafika nenani odi muli chapatali, dikirani akuyankheni, khalani pansi pamene akulozerani, chipewa m'manja, ndipo musayambe nkhani moni asanathe. M'midzi ya Chiyao kungoti "Ali uli?" kumafewetsa nkhope, ngakhale zotsalazo mulankhule Chichewa. Kenaka nenani zinayi mosazungulira: dzina lanu, mudzi ndi mfumu ya kwanu, chimene mwadzera, ndi tsiku limene muchoke. "Mfumu, ine ndine uje, kwathu n'kwa mfumu yakuti m'boma lakuti. Ndikupita ku Chisi mawa m'mawa, ndiye ndimapempha pogona usiku umodzi." Tulutsani chiphaso cha unzika musanafunsidwe. Ngati muli ndi kalata ya kumpingo, ya kusukulu kapena ya kuntchito, iperekeni iwerengedwe mokweza. Mkatolika afunse wapampando wa mphakati, wa CCAP kapena wa Anglican afunse mkulu wa mpingo, Msilamu apite kumzikiti nthawi ya swala. Onsewa pamapeto pake amadziwitsabe mfumu.

Ubwino wina wodzera kwa mfumu, umene apaulendo ambiri sauona, ndi woti mfumu imadziwa nkhokwe za anthu ake. Imadziwa khomo limene lili ndi mphala yopanda munthu chifukwa mnyamata anapita ku Joni, khomo limene muli matenda, khomo limene bambo akaledzera amasokosa usiku wonse. Mukasankha nokha mumasankha nyumba yamalata. Mfumu imasankha nyumba imene ingathe.

Chenjerani ndi kuitanidwa ndi bambo amene mwakumana naye pabawo kapena m'minibasi. "Tiyeni mukagone kwathu, achimwene" ndi mawu okoma, koma kuno n'kwa chikamwini. Mwa Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja ambiri a m'boma lino, malo, munda ndi nkhokwe zili m'manja mwa mayi ndi mbumba yake, bamboyo anadzakwatira. Amene akatunge madzi osamba, kusesa pogona ndi kuwonjezera ufa mumphika ndi mayi. Funso lake ndi limodzi: "Kodi mayi akunyumba akudziwa?" Akayamba kuseka n'kumati zimenezo musadandaule, dziwani kuti mukukalowa m'ndewu ya banja imene inayamba inu musanabwere.

Tsopano za phukusi, pamene pagona nkhani yeniyeni. Boma likamagawa chimanga m'miyezi ya njala limapereka thumba la makilogalamu 50 pabanja pamwezi. Banja la anthu asanu likagawana thumba limenelo masiku 30, aliyense amapeza magalamu 333 okha patsiku. Mlendo sapatsidwa muyezo umenewo. Amapatsidwa mitanda ikuluikulu, ndiwo zabwino, tiyi wa shuga m'mawa, ndowa ya madzi otentha imene yadya mtolo wa nkhuni umene ukanaphikira masiku awiri. M'mwezi wa Meyi, chimanga chili mbwee pabwalo, zimenezi sizipweteka. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene banja likudya kamodzi patsiku ndipo mayi akuchita ganyu kuti apeze ufa wa madzulo, mlendo mmodzi wa masiku awiri amatha kudya zimene mwana akanadya sabata yathunthu. Mwini khomo sadzanena. Adzakumwetulirani mpaka pokuperekezani.

N'chifukwa chake zimandinyansa kumva munthu wa foni ya mtengo wa ng'ombe akudzitama kuti anazungulira nyanja ya Chilwa osawononga ngakhale tambala. Ndalamayo inawonongeka ndithu, kungoti anailipira ndi mayi wolima mpunga amene sanayambe wakwerapo phiri la Zomba kukaona malo otchuka a Emperor's View, ngakhale amaliona tsiku lililonse ali pakhonde pake.

Muyezo wabwino wa munthu mmodzi pa usiku umodzi kapena uwiri ndi uwu: paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, paketi ya mchere, botolo la mafuta ophikira la theka la lita, mtanda umodzi wa sopo wochapira, ndi ndiwo zouma zokwanira banja lonse, osati inu nokha. M'miyezi ya njala onjezani ufa makilogalamu asanu. Gulani zimenezi mumsika wa Zomba kapena pa Mpondabwino musananyamuke, chifukwa m'magolosale a kumudzi zimadula ndipo kugula pamaso pa eni khomo kumawachititsa manyazi. Ganizaninso za kumene mukupita: kunyamula mpunga popita ku Likangala kapena matemba popita ku Kachulu n'kusekedwa, kumeneko tengani nyemba, anyezi, masamba a tiyi. Phukusilo lipite m'manja mwa mayi, mutangokhala pansi, ndi manja awiri, ndi mawu ochepetsa: "Mayi, tangolandirani kamchere aka." Mukalipereka kwa bambo panjira, mwina shugayo sakafika.

Zakudya zili ndi malamulo ake ndipo Zomba ndi boma la zipembedzo zosakanikirana. Pakhomo la Chisilamu musalowetse nkhumba, mbewa kapena mowa, ndipo nyama yogula pamsika imene simukudziwa amene anazinga isiyeni, nsomba ndiyo siyambitsa mafunso. M'mwezi wa Ramadan musamatafune chinangwa pabwalo masana eni ake akusala. Pakhomo la a Seventh Day mlamba sulowa, ngakhale utakhala wonona chotani, ndipo Loweruka musayembekezere kuti wina akuperekezani kudoko.

Nkhuku ndi nkhani ina. Mukamva ana akuthamangitsana ndi nkhuku kuseri kwa nyumba, nthawi yokana ndi yomweyo, mpeni usanatuluke. Nkhuku ya kumudzi ndi banki: ndiyo imagulitsidwa mwana akadwala kapena akafuna yunifolomu. Kukana kwake si kunena kuti musavutike, chifukwa mawu amenewo amamveka ngati mwambo chabe ndipo nkhukuyo ifabe. Pemphani china mwachindunji: "Mayi, ine chimene ndachisowa kutauni ndi nkhwani wotendera, mundiphikire umenewo." Mwawapatsa njira yokusangalatsani popanda kutaya chuma. Ikakhala kuti yaphedwa kale, idyani mokondwa, nthutumba ndi yanu monga mlendo, koma musapukute mbale. Ana akudikira makombo kukhitchini.

M'chikwama mwanu musasowe neti yanuyanu ndi zingwe zinayi za mamita awiri chilichonse, chifukwa nyumba zambiri zilibe misomali pamalo oyenera ndipo mudzamangirira kumitengo ya denga. Mukapanda kutenga, adzakupatsani neti ya ana, anawo n'kugona pamtetete m'dera la udzudzu ngati la m'mbali mwa Chilwa. Tengani zitenje ziwiri, china choyala pamphasa china chofunda, ndipo mu Juni ndi Julaye bulangete, makamaka m'midzi ya m'munsi mwa phiri cha ku Domasi ndi ku Malosa. Kukazizira eni khomo amakonda kukulowetserani mbaula m'chipinda. Othani, kenaka itulutseni musanagone. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo, ndipo umayamba ndi mutu ndi chizungulire zimene anthu amaziyesa kutopa kwa ulendo. Tochi ikhale pamutu pa mphasa, ndipo funsani kumene kuli chimbudzi kukadali kowala.

Madzi akumwa a pamjigo nthawi zambiri ndi abwino potuluka, amaipira mumtsuko momwe aliyense amaviika kapu ndi dzanja. Kabotolo ka WaterGuard n'kopepuka: kachivindikiro kamodzi pa ndowa ya malita 20, dikirani mphindi 30. Thirani mumtsuko wa banja lonse mutapempha, osati m'botolo lanu lokha mobisa ngati mukuwanyansidwa. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kunyanja ya Chilwa, kumene asodzi amakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi pomwepo, matendawa ndi mlendo wa kawirikawiri nyengo ya mvula. Mapaketi awiri a Thanzi, wobwezeretsa madzi m'thupi potsegula m'mimba, asasowe, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino. Anyamata akakuitanirani kukasamba kunyanja kapena m'ngalande za mpunga, kanani, mumenemo muli likodzo. Madzi omwewo akawiritsidwa, kapena akakhala m'ndowa masiku awiri, mutha kusamba. Malungo nawo saonekera tsiku lomwelo, amatenga sabata kapena kupitirira, ndiye mukamva kuphwanya m'thupi mutabwerera kale kwanu, kayezetseni magazi musanamwe mankhwala a LA.

Chimene chimaononga maubale ambiri si matenda koma katundu wosowa. Foni yagwera kuseri kwa thumba la chimanga, mlendo wayamba kuyang'ana mwana wa pakhomo ndi diso lina, nkhani yafika kwa mfumu, ndipo ngakhale foniyo ipezeke, dzina la mwanayo lada kale m'mudzi. Ndalama zambiri zisiyeni mu Airtel Money kapena Mpamba, m'thumba mukhale zochepa. Ngati muli ndi ndalama za geni, monga ogula mpunga ndi nsomba, ziwerengeni pamaso pa mwini khomo ndi mboni imodzi, musungitse, mudzawerengenso potenga. Kamera ndi laputopu zisatuluketuluke. Ndipo musajambule ana, khitchini kapena chimbudzi cha anthu n'kukaika pa Facebook ndi mawu omvetsa chisoni. Mdzukulu wawo wa ku Blantyre ali pa Facebook pomwepo.

Mwini khomo naye ali ndi mbali yake, ndipo pano ndikufuna kulimbikitsa chinthu chimene ambiri amachiona ngati mwano: funsani chiphaso. Chijambuleni pafoni, tumizani chithunzicho kwa m'bale wanu kapena kwa mfumu, mlendoyo akuona. Wabwino sakhumudwa, wokhumudwa wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa. Pemphaninso nambala ya m'bale wake ndipo muyiimbe pomwepo, chifukwa mlendo akadwala mwakayakaya kapena kumwalira m'nyumba mwanu, funso loyamba la apolisi lidzakhala lakuti munthuyu ndi ndani ndipo anadziwa ndani kuti ali kuno. Mlendo wamwamuna agone kumphala kapena pabalaza, wamkazi agone ndi amayi, ndipo mlendo aliyense, kaya wavala kolala kaya wanyamula Baibulo, asagone chipinda chimodzi ndi ana. Amene wagona usiku umodzi n'kuyamba kunena kuti ali ndi ntchito ya mtsikana wanu ku Lilongwe kapena ku Joni, kapena kuti mnyamata akagwire ntchito kumunda wa fodya, musamuyankhe nokha. Dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 chifukwa njira imeneyi ndi yodziwika, ndipo nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, imene amayendetsa a bungwe la YONECO, likulu lawo lili mu Zomba momwemuno. Wochokera kunja kwa dziko aonetse pasipoti yodindidwa, poti tsidya la Chilwa ndi Mozambique ndipo kusunga munthu wolowa mozemba kumagwetsa mwini nyumba m'milandu.

Mayi woyenda yekha apemphe mfumu mosabisa kuti akufuna khomo limene muli mayi wamkulu, aone ngati chitseko chili ndi chotsekera cha mkati, ndipo atumize kwa abale ake dzina la mudzi ndi la mwini khomo kusanade, poti netiweki kumadambo imabwera ndi kupita.

Pali ena amene amati zonsezi n'zozungulira, bwanji osangogwirizana mtengo ngati paresitihausi. Maganizowa ali ndi nzeru yake. Ndalama ndi yoonekeratu, mayi atha kugula chimene akufuna m'malo molandira shuga wachitatu sabata imodzi, ndipo midzi imene imalandira alendo pafupipafupi, monga ya m'njira yokwera phiri kapena ya ku Chisi, ingapindule itakhala ndi mtengo wodziwika ndi kaundula wa makomo olandira alendo mosinthana. Kumeneko ndikuvomereza, bola zinenedwe poyera kuti ndi bizinesi. Koma pakhomo wamba, kufunsa kuti "ndilipira zingati" musanakhale n'komwe pansi kumasintha zonse. Mwini khomo amayamba kudziona ngati wantchito amene nyumba yake ikuyesedwa, mlendo amayamba kuona kuti madzi sanatenthe mokwanira, ndipo mawa wosauka amene dzuwa lamuthera panjira yopita kumaliro adzauzidwa mtengo womwewo. Ndalama ili ndi nthawi yake, potsanzika. Ipindeni, muike m'dzanja la mayi pambali, munene kuti ndi ya sopo. Ikhale yosachepera theka la zimene mukanalipira pachipinda chotchipa cha pamsika. Akakana koyamba, ndi mwambo. Akakana kachitatu nkhope itasintha, bwezani m'thumba, mudzatumize mbewu kapena makope a ana.

Mlendo ndi mame, anatero akale, ndipo mame a ku Chilwa sadikira 8 koloko. Tsiku limene munauza mfumu likhale lomwelo. Mvula ikadula msewu kapena boti likapanda kunyamuka chifukwa cha mwera, bwereraninso kwa mfumu mukanene, ndipo kuyambira pamenepo ndiwo za banja lonse ndi zanu. Dzukani pamene eni ake adzuka, pindani mphasa, gwirani tsache kapena perekezani anyamata kudimba. Pochoka dzeraninso kwa mfumu kuti aone ndi maso ake kuti mwatuluka wamoyo ndipo simunanyamule mbuzi ya munthu. Adzakuperekezani mpaka pamsewu atakunyamulirani chikwama, mwina ndi kathumba ka mpunga kapena nandolo, musakane. Mukafika imbani foni kunena kuti mwafika bwino.

Nambala yanu asiyireni yeniyeni. Anthu a ku Chingale, ku Mayaka ndi ku Chisi odwala awo akakula matenda amatumizidwa ku Zomba Central Hospital, ndipo wodikirira wodwala amagona pasimenti, kuphika pamafuwa kunja kwa chipatala, nthawi zina milungu itatu. Tsiku lina foni idzalira, mawu a mayi uja ali kutali: "Achimwene, tili kuno ku Central ndi bambo aja, atigoneka." Ngati mumakhala ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Sadzi, mphasa ndi ndowa ya madzi otentha zikhale zokonzeka madzulo omwewo, ndipo mupite nokha kukawatenga pageti.